Amayi akunamizira mdzukulu wawo kuba ndipo amatuluka usiku: tiwapemphere mankhwala ogonetsa?

Funso: Mayi anga ali ndi zaka 79. Chaka chatha kuchipatala anatiuza kuti ali ndi matenda oiwalaiwala otchedwa dementia, ndiye ndinakawatenga kumudzi kuti ndizikhala nawo m'tauni muno. Kuiwalako tinakuzolowera. Chimene chatithetsa nzeru ndi khalidwe lawo. Akuti mwana wanga wamkazi amawabera ndalama. Dzuwa likamalowa amamanga katundu n'kumati akupita kwawo. Tikamawasambitsa amatukwana mpaka kumenya, ndipo kawiri konse apezeka pakhomo pa eni usiku atangofunda chitenje. Oyandikana nafe ayamba kunong'onezana za ufiti. Achimwene anga akuti tikapemphe mankhwala ogonetsa kuti tonse tizipuma. Kodi ofufuza amati chiyani pa zimenezi? Mankhwalawo alipo, nanga ndi abwino?

Yankho: Mayi, mankhwalawo alipo, ndipo mwina tsiku lina adzafunika kwa milungu yowerengeka. Koma si poyambira. Kafukufuku wa zaka 30 zapitazi akuloza kumodzi: wodwala dementia akayamba kulusa, kuyendayenda kapena kunamizira anthu, choyamba ndi kufunafuna chimene chikumusautsa. Mankhwala oziziritsa amabwera kumapeto, chifukwa amathandiza pang'ono pamene kuopsa kwake n'kwakukulu kuposa mmene mabanja ambiri amaganizira.

Zimene mukuonazi ndi mbali ya matenda omwewa, ndipo zinaoneka kale pa wodwala woyamba amene matenda a Alzheimer, mtundu wofala kwambiri wa dementia, anadziwikirapo. Mu 1901 mayi wina wa zaka 51, Auguste Deter, anagonekedwa pachipatala cha odwala maganizo mumzinda wa Frankfurt ku Germany. Dokotala wake, Alois Alzheimer, analemba kuti vuto linayamba ndi nsanje yoopsa pa mwamuna wake. Kenaka mayiyo ankanyamula zinthu za m'nyumba n'kumazibisa, nthawi zina ankakhulupirira kuti pali anthu ofuna kumupha, ndipo ankakuwa mokweza. Anamwalira mu 1906. Ngakhale nkhani inayamba choncho, kwa zaka zambirimbiri madokotala maso awo anali pa kuiwala basi, ndipo zinazi ankazitenga ngati zongotsatira. Zinasintha cha m'ma 1990. Mu 1994 dokotala wa ubongo wa ku America, Jeffrey Cummings, anakonza ndandanda ya mafunso yotchedwa Neuropsychiatric Inventory, imene amafunsa wosamalira wodwala. Lero mafunsowo amakhudza mbali 12, monga kukhulupirira zinthu zabodza, kuona kapena kumva zomwe palibe, kulusa, nkhawa, kukhumudwa, mphwayi, kutha manyazi, kuyendayenda, kusagona ndi kusintha kwa kadyedwe. Mu 1996 bungwe la International Psychogeriatric Association linasonkhanitsa akatswiri amene anagwirizana kuti zizindikiro zonsezi zizitchedwa ndi dzina limodzi, BPSD, chidule cha mawu achingerezi otanthauza zizindikiro za dementia za pa khalidwe ndi maganizo, kuti ofufuza a m'mayiko osiyanasiyana azikamba chinthu chimodzi.

Atayamba kuwerenga, anapeza kuti pafupifupi wodwala aliyense amadutsamo. Ku Cache County, m'chigawo cha Utah ku America, anatsatira odwala dementia kwa zaka zisanu, ndipo 97 pa 100 alionse anaonetsa chimodzi mwa zizindikirozi pa nthawi ina. Zofala kwambiri zinali kukhumudwa, mphwayi ndi nkhawa. Gulu la ofufuza lotchedwa 10/66, limene linasankha dzinali podandaula kuti kafukufuku wosakwana magawo 10 pa 100 ndi amene ankachitikira m'mayiko osauka kumene kuli magawo 66 pa 100 a odwala, linafunsa mabanja 555 m'mayiko 17 ndipo mu 2004 linalengeza kuti mabanja 7 pa 10 alionse anatchula vuto la khalidwe. Pafupi ndi kwathu kuno, m'boma la Hai m'munsi mwa phiri la Kilimanjaro ku Tanzania, ofufuza anapeza mu 2015 kuti pafupifupi odwala 9 pa 10 alionse anali ndi chizindikiro chimodzi kapena zingapo, ndipo nkhawa, kulusa ndi kusagona usiku zinali m'gulu la zofala. Amenewa anali agogo a kumudzi, alimi, okhala ndi ana ndi adzukulu awo monga mayi anu. Choncho amene angakuuzeni kuti zimenezi ndi za azungu okhala m'nyumba zosungirako okalamba, kapena kuti mayi anu angokhala ndi mtima woipa, akunena zosadziwa.

Ndionjezepo kuti mphwayi, imene ili m'gulu la zofala kwambiri ndipo simachoka msanga, sindiimva ikudandaulidwa. Agogo amene amangokhala phee pakhonde tsiku lonse sasowetsa aliyense mtendere, ndiye palibe amene amawatengera kuchipatala. Amene amabwera nawo ndi otukwana.

Nanga chimayambitsa n'chiyani? Mbali ina ndi ubongo weniweniwo. Matendawa akafika kutsogolo kwa ubongo, kumene kumatigwira kuti tisalankhule kapena kuchita chilichonse chimene chabwera m'mutu, munthu amene anali waulemu moyo wake wonse amatulutsa mawu amene ana ake sanawamvepo pakamwa pake. Akafika pakachigawo kamene kamasiyanitsa usana ndi usiku m'thupi, tulo timasokonekera. Koma ubongo wowonongekawo umakhala womwewo Lolemba ndi Lachiwiri, pamene mayi anu amalusa Lolemba n'kukhala bwinobwino Lachiwiri. Ndiye kuti pali china chimene chimayatsa moto. Jiska Cohen-Mansfield, katswiri wa maganizo amene wakhala akufufuza nkhaniyi kuyambira m'ma 1980 ku America ndi ku Israel, anaona kuti khalidwe lambiri lotere limachokera ku chosowa chimene wodwalayo sangathenso kuchitchula: ululu, ludzu, kufuna kukataya madzi, kuzizidwa, kusungulumwa, kusowa chochita, mantha. Mawu akatha, thupi limalankhula ndi manja ndi miyendo.

Taonani nkhani ya ndalama ija. Mayi anu amanga ndalama pa nsonga ya chitenje kapena aika pansi pa matiresi, ndipo ubongo sunasunge zoti aika. Akafuna, palibe. Kwa iwo pali mayankho awiri okha: mutu wanga wasokonekera, kapena wina watenga. Munthu aliyense angasankhe lachiwirilo, ndipo wonenedwa amakhala amene ali pafupi tsiku ndi tsiku, amene amasesa m'chipindamo. N'chifukwa chake mwa zikhulupiriro zabodza zonse za odwala Alzheimer, chofala kwambiri ndi choti akuberedwa. Mwana wanu afunika kumva zimenezi kuchokera kwa inu, momveka bwino, chifukwa mwana wonenedwa kuba ndi agogo ake amapwetekedwa mumtima ngakhale asanene.

Kusamba nakonso kuoneni ndi maso awo. Munthu amene sakumuzindikira bwino akuwavula zovala, m'bafa la simenti lozizira, madzi akugwa kuchokera kumwamba pamene iwo moyo wawo wonse asambira m'beseni kuseri kwa mpanda. Mayi aliyense wa nzeru zake angamenye.

Kafukufuku amene ndimafuna banja lililonse limudziwe anachitikira kumadzulo kwa Norway ndipo anasindikizidwa mu 2011 m'magazini ya madokotala ya BMJ. Bettina Husebo ndi anzake anatenga odwala dementia 352 amene ankavutitsa, m'nyumba 18 zosungirako okalamba. Gulu lina linapitiriza kusamalidwa monga kale. Gulu linalo linapatsidwa mankhwala opha ululu tsiku lililonse kwa milungu 8, ngakhale odwalawo sananene kuti akumva kupweteka. Ambiri analandira paracetamol, yemwe kuno timati Panado, ndipo ena anafunika amphamvu kuposa pamenepo. Kulusa ndi kusakhazikika kunatsika ndi magawo 17 pa 100 poyerekeza ndi gulu linalo. Atasiya kupereka mankhwalawo, mavuto aja anayambanso kukwera. Taganizani za mayi wa zaka 79 amene walima, wasenza nkhuni ndi mitsuko ya madzi zaka zonsezi. Mawondo, msana, mano obooka, zikhadabo zolowa m'nyama: ndi angati opanda ululu penapake? Kale akanati "mwendowu ukundiwawa". Lero amangokankha dzanja limene lagwira mwendowo. Kuwapatsa mankhwala ogonetsa apa n'chimodzimodzi kuvundikira mphika umene ukusefukira osasolola nkhuni. Izi sizikutanthauza kuti mukagule Panado pa okala n'kuyamba kuwamwetsa mmene mungafunire. Mlingo wake autchule ndi dokotala malinga ndi kulemera kwa thupi lawo, ndipo a Brufen ndi a Indocid musawazolowetse chifukwa amawononga impso ndi m'mimba mwa okalamba.

Pali china chofunika changu kuposa ululu. Khalidwe likasintha mwadzidzidzi, m'masiku awiri kapena atatu, munthu n'kumabwebweta, kumasinza masana, kumaona zinthu, uku akukhala bwino m'mawa n'kusokonekera madzulo, madokotala timaganizira za delirium. Kumeneku ndi kusokonezeka kwa mutu kobwera ndi matenda ena a m'thupi: malungo, chibayo, matenda a m'chikhodzodzo, kuchepa kwa madzi m'thupi, shuga kukwera kapena kutsika, kudzimbidwa kwa masiku ambiri, mkodzo kukanika kutuluka. Okalamba ambiri satentha thupi ngakhale matenda atawagwira zolimba, ndiye musadikire kuti atenthe. Zikatero ndi za tsiku lomwelo kuchipatala. Ndipo ngati sanawayezepo, pemphani kuti aone kuchuluka kwa magazi, BP, shuga, HIV ndi chindoko, chifukwa ziwiri zomalizazi zimatha kusokoneza ubongo ndipo zili ndi mankhwala. Maso ndi makutu nazonso. Agogo a ng'ala amene akuti m'chipinda mwalowa munthu nthawi zambiri aona chijasi chopachikidwa pa msomali.

Tsopano mankhwala amene achimwene anu akufuna. Amene amaperekedwa kawirikawiri ndi a m'gulu la antipsychotic, amene anapangidwira matenda ena a misala: akale monga chlorpromazine ndi haloperidol, amene ndi opezeka kwambiri m'zipatala zathu, ndi atsopano monga risperidone, olanzapine ndi quetiapine. Mu 2005 bungwe loona za mankhwala ku America, FDA, linaphatikiza zotsatira za akafukufuku 17 ndipo linapeza kuti okalamba odwala dementia amene ankamwa atsopanowa ankamwalira mochuluka ka 1.6 mpaka 1.7 kuposa amene ankamwa mapiritsi opanda mankhwala, makamaka ndi matenda a mtima ndi chibayo. Linalamula kuti chenjezo lilembedwe pa mankhwalawo, ndipo mu 2008 chenjezolo linakhudzanso akale aja. Mu 2006 kafukufuku wa CATIE-AD, wa odwala 421 okhala pakhomo, anayerekeza mitundu itatu yatsopanoyo ndi mapiritsi opanda mankhwala, ndipo mapeto ake anali oti zovuta zimene mankhwalawo amabweretsa zimafafaniza phindu lake.

Kafukufuku wondikhudza kwambiri ndi wa ku Britain wotchedwa DART-AD, wotsogoleredwa ndi Clive Ballard. Anatenga odwala Alzheimer 165 amene ankamwa kale mankhwalawa. Ena anapitiriza, ena anasinthidwira ku mapiritsi opanda mankhwala iwo ndi owasamalira osadziwa. Ambiri mwa osiyitsidwawo khalidwe lawo silinaipe kuposa anzawo. Patapita zaka ziwiri, mwa opitiriza mankhwala amoyo anali 46 pa 100, mwa osiya anali 71 pa 100. Patapita zaka zitatu anali 30 ndi 59. Zimenezi zinatuluka mu 2009, chaka chomwe Sube Banerjee analembera boma la Britain lipoti loti mwa odwala dementia pafupifupi 180,000 amene ankapatsidwa mankhwalawa chaka chilichonse, mwina 36,000 okha ndi amene ankathandizika, pamene imfa zoonjezera zinali pafupifupi 1,800 pachaka. Mu 2024 ofufuza anayang'ananso mabuku a kuchipatala a odwala dementia oposa 170,000 ku England, ndipo anapeza kuti omwa mankhwalawa ankadwala chibayo mowirikiza kawiri, komanso sitiroko, kuthyoka mafupa, magazi kuundana m'mitsempha ndi vuto la impso zinali zochuluka, makamaka masiku oyambirira atangoyamba kumwa. Njira yake ndi yosavuta kuimva. Agogo oziziritsidwa amagona nthawi yaitali, amamwa madzi ochepa, amameza mosalongosoka n'kutsamwa phala, akadzuka amadzandira n'kugwa.

Pali mtundu wina wa dementia, wa Lewy body, umene mankhwalawa ndi oopsa koposa. Odwala ake amaona anthu, ana kapena tizinyama m'nyumba momveka bwino matenda atangoyamba kumene, amayenda mouma ndi kunjenjemera ngati a Parkinson, amamenya ndi kukuwa ali m'tulo, ndipo nzeru zawo zimabwera ndi kupita tsiku lomwelo. Mpaka theka la odwala oterewa amauma thupi, kukomoka ngakhale kumwalira akapatsidwa haloperidol kapena anzake. Ngati mayi anu ali ndi zizindikiro zimenezi, zikhale zoyamba kumuuza dokotala.

Diazepam, amene ambiri amati Valium, ndi amene anthu amatanthauza akamati ogonetsa. Kwa okalamba amaonjezera kusokonezeka ndi kugwa, ndipo malangizo a mhGAP a bungwe la WHO, olembedwera azaumoyo a m'mayiko ngati lathu, amanena mosapsatira kuti apewedwe pa dementia. Chenjeraninso ndi mankhwala ooneka osalakwa amene amafooketsa kukumbukira: Piriton wa chimfine, promethazine, amitriptyline amene ena amapatsidwa chifukwa cha kupweteka kwa miyendo kapena kusagona, ndi benzhexol amene kawirikawiri amaperekedwa pamodzi ndi haloperidol. Popita kuchipatala tengani mapaketi onse a mankhwala amene ali m'nyumba, a m'sitolo ndi azitsamba omwe, dokotala awaone ndi maso.

Ofufuza ayesa kupeza ena ofatsa, koma mwayi wachepa. Citalopram anachepetsadi kusakhazikika mu kafukufuku wa 2014 wa odwala 186, koma pa mlingo umene anagwiritsa ntchito anasokoneza kagundidwe ka mtima ndi kufooketsa nzeru. Mirtazapine anayesedwa ku Britain pa odwala 204 ndipo mu 2021 anapezeka kuti sathandiza. Brexpiprazole anavomerezedwa ku America mu 2023 pa vuto limeneli, koma ndi wa m'banja lomwe lija ndipo ali ndi chenjezo lomwelo la imfa.

Malo a mankhwalawa alipo ndithu, ndipo sindingakubisireni. Wodwala akafika pofuna kuvulaza munthu ndi mpeni, kapena akamazunzika usana ndi usiku ndi mantha a zinthu zimene akuona, zina zonse zitayesedwa, dokotala angapereke mlingo wochepetsetsa, atakufotokozerani kuopsa kwake, ndipo tsiku lodzaonanso lilembedwe m'buku la kuchipatala. Ku Britain risperidone analoledwa pa vutoli kwa milungu 6 yokha, ndipo malangizo a kumeneko a 2018 amati wodwala aliyense womwa mankhwalawa aziunikidwanso milungu 6 isanadutse. Chimene ndimadana nacho ndi mankhwala oyamba mwezi uno n'kumangolembedwanso ulendo uliwonse mpaka zaka, popanda wofunsa ngati akufunikabe.

Nanga chimene chimathandiza? Mu 2018 kafukufuku wa WHELD, m'nyumba 69 zosungirako okalamba ku Britain ndi odwala 847, anaonetsa kuti kuphunzitsa osamalira kumudziwa wodwala monga munthu, ndi kumupatsa ola limodzi lokha pamlungu locheza kapena kuchita zimene amakonda, kunachepetsa kusakhazikika ndi kukweza umoyo wake. Mu 2019 ofufuza a ku Toronto anaphatikiza akafukufuku 163 ndipo anapeza kuti kusisita thupi, nyimbo ndi kutuluka panja kukachita zinthu zinali pakati pa zothandiza kwambiri, mwakuti pa vuto la kumenya, zochitika za panja zinaposa mankhwala a antipsychotic. Kusintha kwake si kozizwitsa, musayembekeze kuti mayi anu abwerera mwakale. Koma palibe amene anamwalira ndi nyimbo. Ndipo zimene anzathu a ku Ulaya amachita kulembera antchito ndi kukonza ndandanda, ife tili nazo pakhomo: nyemba zosankha, chimanga chotong'ola, nkhwani wosadzula, tsache, mdzukulu wopesa tsitsi. Manja amakumbukira ntchito nthawi yaitali mutu utaiwala mayina, ndipo nyimbo za kutchalitchi zimene anaphunzira ali mtsikana zimatsala mpaka kumapeto. Vuto la m'tauni ndi loti timawakhazika pa sofa kutsogolo kwa TV n'kuwaletsa kugwira chilichonse poti tikuwalemekeza.

Njira imene Helen Kales, Laura Gitlin ndi Constantine Lyketsos anaifotokoza mu 2014 mungaiyambe ndi kope la sukulu. Kwa milungu iwiri, vuto likachitika lembani nthawi, malo, amene analipo, chimene chinachitika lisanayambe ndi chimene chinalithetsa. Kenaka sankhani vuto limodzi, sinthani chinthu chimodzi, muone ngati zasintha. Mabanja ambiri amadabwa kupeza kuti kulusa kumene ankati kumangobwera kumabwera tsiku lachitatu la kudzimbidwa, kapena alendo akadzaza pabalaza, kapena akafunsidwa "mukundidziwa ine?" pamaso pa anthu. Funso limenelo lisiyeni, ndipo alendo muziwauza asanalowe kuti azidzitchula okha mayina.

Pa ndalama, musatsutsane nawo ndipo musawaitanire mwanayo kuti adziyeretse. Nenani kuti "tiyeni tifunefune limodzi", dziwani malo awo obisamo, ndipo asiyireni kachikwama ka ndalama zing'onozing'ono zoti zikasowa mungabwezeretse mwakachetechete. Pa kusamba, sankhani nthawi imene amakhala osangalala, madzi ofunda m'beseni, chitenje chili m'thupi, iwo agwire okha sopo ndi kansalu, wothandiza akhale wamkazi mmodzi yemweyo ndipo azinena chimene akufuna kuchita asanagwire. Akakana, siyani, mubwerenso pakapita ola. Munthu safa chifukwa chopukutidwa ndi nsalu yonyowa masiku awiri.

Za kumanga katundu madzulo ndi zofala kwambiri. Chisisira chikamagwa thupi latopa, maso sakuona bwino, ndipo kwa mayi wa kumudzi imeneyo ndi nthawi yotsekera nkhuku, yosonkha moto, yoitana ana. Iwo akuona kuti ali pa eni ndipo ntchito ikuwadikira. Kuwauza kuti "kwanu ndi konkuno" kapena "bambo anamwalira kale" kumangowabaya kachiwiri. Afunseni za kwawoko, kuli ndani, kumunda kuli chiyani, uku mukuyatsa magetsi mdima usanalowe ndi kuwapatsa chogwira cha kukhitchini. Akaumirira, yendani nawo pang'ono mozungulira, mubwerere pa tiyi. Tiyi wa madzulo akhale wopanda masamba ambiri. M'mawa awothere dzuwa ndi kuyenda, masana asagone nthawi yaitali, usiku pakhale kanyali ndi ndowa pafupi, chifukwa ambiri otuluka usiku anadzuka kufuna chimbudzi n'kusochera. Pachitseko chakunja mangani kabelu kapena zitini, loko akhale pamwamba pamene maso awo safikapo, ndipo pa zovala zawo sokeranipo nambala yanu ya foni. Kuwatsekera okha m'chipinda kapena kuwamanga, ayi. Mantha amakula, amavulala, ndipo moto utabuka sangatuluke.

Mwina mukudzifunsa ngati munalakwa kuwachotsa kumudzi. Kusamuka kumasokonezadi odwala dementia, koma kwawo kumene akukufuna nthawi zambiri ndi kwa zaka 50 zapitazo, ndipo ambiri obwezeredwa kumudzi amapitiriza kumanga katundu ali m'nyumba yawo yomwe. Funso lenileni ndi lakuti kumudziko kuli ndani wowayang'anira usana ndi usiku, ndiponso ngati angakhale otetezeka. Mukasankha, sankhani kamodzi. Kuwazunguza mwezi uno kwa inu, mwezi wamawa kwa achimwene, ndiko koipitsitsa.

Kunong'ona kwa oyandikana nanu musakutenge mopepuka. Ku South Africa, Flora Mkhonto ndi Ingrid Hanssen anacheza ndi achibale ndi anamwino a odwala dementia, ndipo mu 2018 analemba mmene kuyenda usiku, kulankhula zosamveka ndi kupezeka pakhomo pa eni kumachititsira odwalawa kutchedwa afiti, kusalidwa ndi kuchitidwa nkhanza. Kuno kwathu tikukumbukira agogo anayi amene anaphedwa ku Neno mu January 2016 mphenzi itapha mtsikana. Sindikunena kuti iwo ankadwala matendawa, koma zikuonetsa msanga wake umene mphekesera imasandukira chikwanje. Ndipo wodwala dementia akazingidwa ndi gulu n'kufunsidwa ngati amatamba, amatha kuvomera, chifukwa amavomera funso lililonse lofunsidwa mwaukali. Lamulo la Witchcraft Act la 1911, limene likugwirabe ntchito m'Malawi, limati kunena munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu. Komabe musadikire kufika kupolisi. Pemphani kalata ya kuchipatala yotchula matendawa, mupite nayo kwa amfumu a m'dera lanu, kwa a chitetezo cha m'mudzi ndi kwa atsogoleri a mpingo kapena mzikiti. Makomo amene mayi anu anapezekapo muwayendere nokha masana, muwafotokozere, muwasiyire nambala. Amayi a Mvano, a Dorika kapena a mphakati akabwera kudzaimba nawo kawiri katatu, dera lonse limadziwa kuti m'nyumbamo muli wodwala.

Achimwene anu akunena zoona pa chinthu chimodzi: mukufunika kupuma. Ofufuza anapeza kalekale kuti chimene chimafooketsa osamalira kwambiri ndi khalidweli, kuposa kuiwala, ndipo wosamalira wotopa amakweza mawu, wodwala n'kulusa kwambiri. Mu kafukufuku wa START ku London, wotsogoleredwa ndi Gill Livingston, achibale 260 anagawidwa m'magulu awiri, ndipo amene anaphunzitsidwa maulendo 8 okha za matendawa ndi za kudzisamalira anakhala ndi nkhawa ndi kukhumudwa kochepa, phindu limene linaonekabe patapita zaka 6. WHO inakonzanso maphunziro aulere a osamalira otchedwa iSupport, opezeka pa intaneti. Koma tulo tanu sitingachokere m'buku. Khalani pansi ndi achimwene ndi abale ena mugawane: ndani agona nawo usiku uti, ndani alipira munthu wothandiza masana, ndani awatengera kuchipatala. Ulendo wa kuchipatalawo ukhale wa mlungu uno. Funsani namwino kapena dokotala wa matenda a maganizo pachipatala cha boma lanu, kapena ku St John of God ngati muli ku Lilongwe kapena ku Mzuzu, ndipo munyamule buku lawo la kuchipatala, mankhwala onse a m'nyumba ndi zimene mwayamba kulemba m'kope muja. Pemphani kuti awayeze thupi lonse, m'kamwa ndi kumapazi komwe, musanakambe za mankhwala ogonetsa.